Kotomi ndi Kiyi wa Fiona

Pa Thamesmead ponse panalibe wodziwa kulandira alendo kuposa Marjorie Chirambo, ndipo wofuna umboni akanangofunsa Marjorie yemweyo. Mayiyu anali namwino pa chipatala china ku Lewisham, wamfupi wojintcha, wa mawu omveka kuchokera m'khitchini mwake mpaka pa siteji ya basi. Amalawi ambiri ofika kumene mu London anagonapo pa sofa yake, ena mpaka kunenepera pomwepo. Koma mayi wotchuka chonchoyu anali ndi chilonda chimene sankachionetsa ngakhale kwa azimayi anzake a kutchalitchi, ndipo chilondacho chinali mwana wake mmodzi yekhayo, Fiona.

Si kuti Fiona analakwa chinthu choti n'kukasuma nacho, ayi. Anaphunzira bwino, anapeza ntchito ya zamalamulo, n'kupezanso kanyumba kake ku Greenwich. Koma tsiku losamuka, katundu ali kale m'galimoto, anachotsa kiyi wa pakhomo pa mulu wa makiyi ake n'kusiya patebulo mwaulemu wonse. Kiyiyo anali ndi kachingwe kofiira kamene Marjorie anamangirirapo yekha mwanayo akuyamba sekondale. Chiyambire tsikulo, Fiona ankabwera Lamlungu lokha, atayamba waimba foni. Akafika ankaliza belu, maluwa ali m'manja, ndipo pochoka ankathokoza chifukwa cha chakudya.

"Mwana wobereka ndekha kumandilizira belu ngati wobweretsa parcel?" Marjorie ankadandaula kwa mwamuna wake. "Abambo a Fiona, nyumba inoyi ndi hotelo?"

Biswick, yemwe anali atayendetsa basi mu London zaka makumi awiri ndipo anaphunzira kuti munthu wokwiya suyankhana naye, ankangoti, "Ndi ana a kuno, amake Fiona," n'kupitiriza kuonera mpira.

Chipinda cha Fiona chinakhala chaka chathunthu chopanda munthu. Amene anabweretsa nzeru anali Bwalya, mtsikana wa ku Zambia wopemphera nawo limodzi, yemwe ankagwira ntchito yopezera malo ogona ophunzira pa sukulu ina yophunzitsa Chingerezi ku Greenwich.

"Ba Marjorie, manje mvelani," anatero Bwalya atatuluka m'tchalitchi. "Nili na mwana wa ku Japan afuna host family, banja yomusunga. Six weeks chabe."

"Masabata asanu ndi limodzi? Aphunzira chiyani pamenepo? Ife tinkati tikatuluka kwathu, tatuluka."

Bwalya anafotokoza kuti ana ambiri a ku Japan amene iye ankawalandira masiku ano sankabweranso kudzakhala zaka. Ankabwera pa holide ya ku yunivesite, mwezi umodzi kapena iwiri, n'kuthamangira kwawo, chifukwa kumeneko makampani amasankha antchito ana asanamalize n'komwe sukulu, ndipo wochedwa kunja amakapeza anzake atatenga malo. Marjorie anamva chisoni ndi ana othamangitsidwa chonchowo. Pomwepo analumbira mumtima kuti ameneyu, ngakhale akhale masiku owerengeka, adzachoka m'nyumba mwake ali mwana wa pakhomo, osati mlendo. Anafuna adzionere yekha kuti vuto silinali nyumba yake.

Kotomi anafika Loweruka masana, kamtsikana ka zaka makumi awiri kochokera ku Niigata, kakukoka chisutikesi chotalika kufika m'chiuno mwake. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa, n'kuwerama popereka moni, ndipo Marjorie anamukonda nthawi yomweyo. Kenako mtsikanayo anatulutsa kabokosi ka maswiti kokutidwa mwaluso moti munthu unkachita manyazi kukang'amba, n'kupereka ndi manja awiri.

"Mwaona, abambo a Fiona? Manja awiri! Kodi ana oleredwa adakalipo padziko pano."

Atamuonetsa chipinda, Marjorie anatsegula dirowa ya m'khitchini, n'kutulutsa kiyi wa kachingwe kofiira uja. Ankalankhulana m'Chingerezi, cha Kotomi chikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. "Uyu ndi wako," anatero Marjorie. "Pano ndi kwanu. Usamalize belu, usamapemphe chilolezo chotsegula firiji. Wamva?"

Kotomi anawerama katatu, n'kunena kuti wamva.

M'mawa mwake, patebulo panali kathawulo kakang'ono kopindidwa bwino, ndi kapepala kolembedwa kuti zikomo chifukwa cha kiyi. Marjorie anaseka, n'kuika kathawuloko m'dirowa. Lolemba anakazinga mandasi kuti mwanayo akadye kusukulu. Madzulo ake anapeza timapaketi ta tiyi wobiriwira pafupi ndi ketulo. Anamuchapira zovala, kunabwera sopo wonunkhira. Biswick anamujambulira papepala mmene mabasi amayendera kuchoka ku Thamesmead kupita ku Woolwich, poti kuno ukaphonya basi waphonya zonse, ndipo analandira masokosi okhala ndi chala chachikulu pachokha. Bamboyo anawavala tsiku lomwelo, n'kumayendayenda nawo m'nyumba akugwedeza zala.

Pofika sabata yachiwiri, kuseka kwa Marjorie kunali kutatha.

"Mwanayu akundilipira," anatero. "Ndikamupatsa kanthu, dzuwa sililowa asanabweze. Ine ndine golosale?"

"Si paja akuluakulu anati kupatsa n'kuika?" anayankha Biswick. "Mwaika, ndiye mukutapa."

"Kuika kwake kwa tsiku lomwelo? Inu khalani chete, anakugulani kale ndi masokosi."

Chimene chinkamupweteka Marjorie n'chakuti kwawo ku Kasungu munthu amene umathamangira kumubwezera ndi amene sufuna kukhala naye pachibale. Mwana wa pakhomo amalandira n'kudya, mwinanso n'kudandaula kuti mchere wachepa. Tsono apa m'nyumba munali mwana wachiwiri waulemu woziziritsa mtima, ndipo Marjorie anayamba kuopa kuti mwina ndi iyeyo amene amasandutsa ana kukhala alendo.

Munthu wina akanakhala pansi n'kufunsa. Marjorie sanali munthu wina. Anaganiza zomugonjetsa mwanayo pomupatsa zinthu zambiri mpaka atope kubweza. Anamupatsa chitenje chatsopano chimene ankasungira ukwati wa mwana wa mnzake. Anamuphikira chigumu, zitumbuwa ndi futali. Anamugulira jekete pa msika wa ku Lewisham ati kuno mphepo ya mumtsinje siseka ndi munthu. Anafika pomuikira botolo la madzi otentha m'bulangete, mwezi wa Ogasiti, kuno ili nyengo yotentha. Kotomi ankalandira chilichonse ndi manja awiri, nkhope ikumwetulira koma maso akuoneka ngati a munthu amene wauzidwa kuti mayeso awonjezera. Ndipo m'mawa uliwonse patebulo pankakhala kanthu.

Marjorie ankangotenga n'kuponya m'dirowa osayang'anitsitsa. Akanayang'anitsitsa, akanaona kuti pofika sabata yachinayi mphatsozo zinali zitasintha. Mapepala okongola aja anali atatha. Kunabwera cholembera chogwiritsidwapo kale ntchito, kenako chomangira tsitsi, kenako kagalasi ka m'chikwama. Tsiku limene Marjorie anamupatsa magolovesi, kunabwera ambulera yabuluu yopinda.

Lachitatu la sabata imeneyo, Marjorie ali pa nthawi yopuma kuntchito, foni inalira. Anali Bwalya.

"Ba Marjorie, musakalipe. Kotomi abwela ku office. Apempha kuti timusamutse, ayende ku hostel pa Saturday."

Marjorie anaika kapu ya tiyi pansi. "Ndamulakwira chiyani?"

"Palibe. Akamba ati ndimwe abwino maningi."

"Ndiye munthu amathawa zabwino?"

"Nayesa kumufunsa, angolila chabe. Form nayisunga mu drawer mpaka Friday. Kambani naye."

Masana onsewo Marjorie anagwira ntchito ndi nkhope yoti ngakhale madokotala ankamupatukira. M'sitima yopita ku Woolwich anakonza mawu oti akanene, ndipo m'basi anawanola. Mtima unkamuwawa kwambiri, ndipo chinkamuwawitsa n'chakuti akanati afotokoze kutchalitchi, sakanapeza poyambira. Wachiwiri uyu! Woyamba anasiya kiyi patebulo, uyu akuchita kukadandaula ku ofesi.

Mvula inali itayamba, ija ya ku London yosagunda koma yolowa mpaka m'mafupa. Basi itatsala pang'ono kufika pa siteji yawo, Marjorie anaona pawindo kamunthu kakuyenda mothamanga m'mbali mwa msewu, chikwama cha mabuku chili pamutu, tsitsi litamatirira kumaso. Jekete anaizindikira, poti anagula yekha. Anatsika basi n'kumuthamangira, mawu onse okonzedwa aja atabalalika.

"Iwe! Ukufuna kufera m'manja mwanga? Ambulera yako ili kuti?"

Kotomi anayang'ana pansi, madzi akutsika pamphuno. "Ili m'dirowa mwanu," anatero motsitsa mawu.

Atafika kunyumba, Marjorie anamukulunga m'thawulo, n'kumukhazika pampando wa m'khitchini. Kenako anasolola dirowa yonse n'kukhuthulira patebulo. Zinthu zija zinamwazika, ndipo kwa nthawi yoyamba anaziona bwinobwino. Anatola cholembera, anatola chomangira tsitsi chimene chinali chikadali ndi katsitsi kamodzi, n'kuyang'ana mtsikana amene tsitsi lake linali balala chifukwa chosowa chomangira. Manyazi anamugwira Marjorie.

"Mwanawe, bwanji ukundipatsa katundu wako?"

Pamenepo Kotomi analira, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono, pena akusakasaka mawu pa foni. Kwawo, anatero, munthu akakupatsa chinthu umayenera kubweza kenakake msanga, apo ayi umaoneka wosaleredwa, ndipo manyazi ake amagwera makolo ako. Mayi ake anadzaza theka la sutikesi ija ndi timphatso, atawerengera kuti tikwanira masabata onse asanu ndi limodzi, poti anamva kuti anthu a ku London sapatsa kwenikweni. Timphatso tonseto tinatha m'masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

"Ndilibenso choti ndikupatseni," anatero. "Kwatsala zovala ndi pasipoti. Sindingapitirize kukhala pano ndikungolandira. Ndikukulemetsani."

Marjorie anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndiye anangokalipa, poti ndi chimene ankachidziwa bwino.

"Tamvera. Kwathu amene timamubwezera msanga ndi munthu wapanjira. Ukandibwezera, ukundiuza kuti ndine wapanjira. Mwezi wonsewu wakhala ukunditukwana ndi timathawulo!"

Kotomi anatsegula maso. "Koma kwathu timabwezera aliyense. Aphunzitsi, oyandikana nawo nyumba, ngakhale azakhali."

"Nanga amayi ako?"

Mtsikanayo anaganiza kaye. "Amayi ayi."

"Amayi ako umawatani?"

"Ndimawatengera mafuta odzola osapempha." Anapukuta mphuno, kamwemwe kakuyamba kuoneka. "Akasunga chokoma m'firiji, ndimadya. Amakalipa kwambiri."

"Eyaa!" Marjorie anamenya tebulo moti kagalasi kanadumpha. "Zimenezo ndiye ndikufuna ine! Ndibere mafuta! Ndidyere za m'firiji, ndikukalipire!"

Biswick, yemwe anali atangolowa kuchokera kuntchito, anaima pakhomo la khitchini, n'kuyang'ana mkazi wake akupempha kuberedwa, mlendo ali m'thawulo, katundu ali mbwee patebulo. Anabwerera mwakachetechete kukavula nsapato.

Kotomi sanasamuke. Koma musaganize kuti chizolowezi cha zaka makumi awiri chimatha ndi kukalipiridwa kamodzi. M'mawa mwake atalandira mandasi, sanabweze kanthu, koma anatuluka m'nyumba chothamanga ngati waba. Tsiku lina Marjorie anamupeza ataima patsogolo pa firiji yotseka, akuiyang'ana ngati ikuluma. Atadya yogati wa Marjorie pamapeto pake, anakadziulula yekha asanafunsidwe, n'kupepesa kawiri, moti kukalipa kwake kunasowa pogwira. Marjorie nayenso anayesetsa kudzigwira, ngakhale kuti botolo la madzi otentha sanalisiye. Madzulo ena ankawamva Kotomi ndi Biswick akunong'onezana pabalaza, bamboyo akumuphunzitsa timawu ta Chichewa, koma iye akalowa ankangoti zii.

Mlendo ndi mame, ndipo masabata awiri otsalawo anakamuka msanga. Kotomi anali atayamba kale kulandira mauthenga a makampani a kwawo, ndipo anaonetsa Marjorie chithunzi cha suti yakuda imene inkamudikira, yofanana ndendende ndi ya anzake onse. Marjorie anati sutiyo ndi ya pamaliro, ndipo mtsikanayo anaseka mpaka kutsamwa.

Koma pamene tsiku linkayandikira, Marjorie ankasowa mtendere. Ankadziwa mmene ana aulemu amatsanzikira. Pepala la sukulu nalonso linanena poyera kuti wophunzira abweze kiyi tsiku lochoka. Ankauona kale m'maganizo mwake, kachingwe kofiira kali patebulo, mwina pambali pali kakalata kothokoza.

Loweruka lomaliza anamuperekeza onse awiri ku siteshoni ya Abbey Wood, kumene sitima yake imapita mpaka ku bwalo la ndege. Sutikesi ija inali yolemera kuposa mmene inabwerera. Marjorie anali tcheru kuyang'ana manja a mtsikanayo, kudikira kaphukusi kotsanzikira, koma sikanatuluke. Kotomi anawerama, kenako anamukumbatira mwamphamvu mosayembekezeka, n'kulowa m'sitima. Anaima pawindo akuweramabe mpaka sitimayo inakhota.

Pobwerera, Marjorie anaima pakhonde la nyumba yake. "Lowani ndinu, abambo a Fiona. Mukaone patebulo."

Biswick analowa, n'kubwerako. "Palibe kanthu."

"Mwayang'ana bwino? Inu mumasowa ndi batala ali pamaso panu."

Analowa yekha. Patebulo panalibe kanthu. M'chipinda, bedi linali loyalidwa bwino, koma pa pilo panalibe kanthu. M'dirowa munalibe kiyi, ndipo ambulera yabuluu ija inali itapitanso. Ku bafa, botolo lake la mafuta odzola, lodula limene ankalibisa kuseri kwa mankhwala otsukira, kunalibe. Marjorie anali adakaima m'bafamo pamene foni inanjenjemera m'thumba.

Chinali chithunzi. Dzanja laling'ono litatambasulidwa pa bwalo la ndege, pachikhatho pali kiyi wa kachingwe kofiira. Pansi pake panali mawu awiri a Chichewa: "Amayi, sindibweza."

Marjorie anakhala pamphepete mwa bafa n'kulira mokweza, akuseka, akutukwana. "Kambava! Kambava ka mwana! Mafuta anga!" Biswick anasuzumira pakhomo nkhope ili yonyada, poti mawuwo anaphunzitsa ndi iye, ndipo mtsikanayo anawayeserera masiku anayi.

Bwalya ataimba madzulo ake kufunsa ngati kiyi wabwezedwa, kuti alembe pa fomu, Marjorie anamuuza kuti alembe zimene akufuna koma mwanayo amusiye.

Lamlungu, nthawi yake yomwe ija, belu linalira. Fiona analowa ndi maluwa ake, wooneka bwino ngati nthawi zonse, n'kupsompsona mayi ake patsaya. Marjorie sanathe kudzigwira. Asanakhale n'komwe pansi anali atamuonetsa kale chithunzi chija, akufotokoza nkhani yonse ndi manja, mwinanso akuthira mchere pang'ono kuti wina amve.

Fiona sanaseke. Anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuyang'anitsitsa kachingwe kofiira.

"Mum, that's my key."

"Unali wako. Unasiya patebulo."

"Munamupatsa kiyi wanga?" Fiona akalankhula Chichewa ndiye kuti zinthu zafika povuta, ndipo chinkatuluka chopindika ngati cha mwana. "Kiyi wanga ali ku Japan?"

"Iwe unabweza wekha! Ine ndinakulanda?"

"Ndinasiya patebulo kuti munene kuti, tenga, ndi wako. Ndinaima pakhomo, ndinadikira. Inu munangotenga, munaika m'dirowa, munatseka." Anaika foniyo patebulo. "I thought you wanted the house back. Ndiye ndimaliza belu."

Biswick anatsitsa mawu a wailesi yakanema, chinthu chimene sankachita ngakhale kukubwera abusa. Marjorie anakumbukira tsiku lija bwinobwino: iye atatembenukira kusinki kuti mwana asaone misozi, dirowa ikutsekeka, Fiona ataima pakhomo nthawi yaitali akukonzakonza lamba wa chikwama. Chaka chonse ankaganiza kuti mwana anamutaya, osadziwa kuti mwanayo ankaganiza chimodzimodzi.

Sananene kuti pepani, poti pakamwa pake mawu amenewo ankatuluka movuta. Anatenga chikwama chake cha kuntchito, n'kutulutsa mulu wa makiyi, n'kuyamba kulimbana ndi kawaya kozungulira kaja mpaka chikhadabo chinathyoka. Atachotsa kiyi wake wa pakhomo, anatsegula dzanja la Fiona, n'kuikamo, n'kulifumbatitsa ndi manja ake awiri.

"Ukadzabwezanso, ndidzakukwapula ndi ukulu wakowo."

Fiona anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Nanga inu mulowa bwanji?"

"Ndiziliza belu. Abambo ako azitsegula, agwireko ntchito."

Fiona anaseka, n'kuponya maluwa aja musinki mosasamala. Kenako anapita pa firiji, n'kutsegula, n'kutulutsa kambale ka nkhuku kamene mayi ake anasungira kuntchito mawa lake. Anadya ataimirira, ndi zala, chitseko cha firiji chili chotsegula.

"Mchere wachepa," anatero.

Marjorie anamukalipira kuti atseke firijiyo, ndipo anakalipa nthawi yaitali ndithu.